Nsapato Zitasiya Kugogoda

Nafashoni atatuluka m'chipinda m'mawa umenewo, anapeza apongozi ake aamuna atagwada mukolido, akumenya simenti ndi mtengo wa tsache. Gu. Gu. Gu. Ankamenya, n'kusiya, n'kutchera khutu ku chitseko chakumapeto, kumene kunkagona akazi awo. Kuchipindako kunali zii.

"Bambo, mukutani pansipo?"

Mkuluyo anadzidzimuka ngati mwana wogwidwa akunyambita shuga. Anayesa kudzuka, bondo linakana, ndipo anatsamira khoma.

"Palibe, apongozi. Ndimapha mphemvu."

Mphemvu panalibe. Chimene chinalipo ndi mbale ya phala lozizira pakhomo pa chipindacho, ndi mapiritsi a mtima amene amayi anawalavula dzulo madzulo. Chiyambire nthawi imeneyo, mayi okalambawo anali asanalole kanthu kukamwa kwawo, ngakhale dontho la madzi.

Amayiwo maso anali atachita ng'ala, ndipo mutu unali utayamba kale kutaya anthu mmodzimmodzi. Mwana wawo weniweni, mwamuna wa Nafashoni, ankamuyesa wakuba. Nafashoni ankamuyesa namwino wankhanza. Munthu yekhayo amene ankamutsegulira pakamwa anali amuna awo, ndipo banja lonse linkadalira zimenezo. Koma dzulo madzulo, mkuluyo atalowa ndi mbale monga mwa masiku onse, amayi anakuwa, n'kumumenya supuni m'manja, n'kutembenukira kukhoma.

Mwamuna wa Nafashoni, yemwe anali makaniko, anachoka m'mawawo nkhope ili gwaa. "Masana ndibwera ndi galimoto ya kugalaja," anatero ali pakhomo. "Ndikapeza sanamwebe, tikuwanyamula. Adokotala ananena kale kuti mankhwala a mtima sadumphitsa."

Aliyense m'nyumbamo ankadziwa tanthauzo la kuwanyamula. Ulendo watha kuchipatala, amayi ankazula diripi, mpaka anamwino anasowa chochita n'kuwamangirira manja kubedi ndi nsalu. Analira ngati khanda, akuitana mayi awo amene anamwalira kalekale, ndipo anabwerako mikono ili ndi mabala, osalankhulanso kwa nthawi yaitali. A Gogoda, amuna awowo, analumbira kuti iwo ali moyo zimenezo sizidzachitikanso.

Dzina loti a Gogoda linachokera ku nsapato zawo. Zinali gogoda zachimuna zamakedzana, za chikopa chofiirira, pansi pake pali thabwa lochindikala ngati njerwa, ku zidendene kuli tizitsulo. Pa unyamata wawo, mnyamata wopanda nsapato zoterozo sankawerengedwa. Ankazivalira mathalauza otambalala kumapazi, osesa msewu waulere, ndipo ambiri anabinya akakolo potsika basi, koma kuvula ayi. Fashoyo inadutsa, anzawo anataya zawo, ena anatsogola, iwo n'kukhalabe pamwamba pa matabwa awo. Kale ankazivala popita koyenda kokha. Chidwalireni akazi awo anayamba kuzivala ndi m'nyumba momwe, kuyambira m'bandakucha, ndipo palibe anafunsa chifukwa chake. Ankangoti ukalamba.

Nafashoni nsapatozo zinkamudya mutu. Kugogodako akanatha kupirira, koma nsapato ya kumanzere inali ndi kachitsulo kogwedera, kamene kankalira kuti nje pambuyo pa gu aliyense, kaphokoso kakang'ono koyayamiritsa mano. Tulo ta m'mawa tinkathera pamenepo.

Komatu wodandaulayo nayenso dzina lake sanachite kugula. Ankagwira ntchito m'sitolo ya nsapato, ndipo chilichonse chotuluka m'katoni chinkayamba chalawa phazi lake. Kunabwera masilipasi aubweya, ooneka ngati munthu wapondera mphaka wakufa, iye anavala. Kunabwera nsapato zokhala ndi zala zakezake ngati phazi la chule, anavala. Chaka chimenecho kunali nsapato zoonekera mkati ngati botolo, zimene dzuwa likawomba zinkachita nthunzi, anthu n'kumaonerera zala zako zikuphikika. Nazonso anavala, ati ndi zimene zili m'fasho. Ameneyu ndiye ankachita manyazi ndi nsapato za apongozi ake.

Chinamufikitsa pamapeto ndi anzake a kusitolo, amene anabwera kudzacheza n'kuwajambula a Gogoda pafoni akudutsa pabalaza, kenako n'kumaseka chikhakhali panjira. Ndiye dzulo, mkuluyo atagona tulo ta masana, Nafashoni anakulunga nsapato zija m'pepala n'kupita nazo kwa wosoka nsapato. Anadziuza kuti akuchitira chikondi, kuti munthu wamkulu angadzaterereke pa simenti. Analamula kuti matabwa achoke, paikidwe labala wofewa, wochindikala chimodzimodzi, ndipo chikopacho chipakidwe polishi. Zinabwera zikuwala ngati zatsopano. A Gogoda anazitembenuza, anadina labalayo ndi chala, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Zikomo, apongozi." Iye anaganiza kuti akhudzidwa ndi mphatsoyo.

Tsopano ali mukolidomo, anayang'ana tsache, anayang'ana nsapato zonyezimira kumapazi a mkuluyo, anayang'ana chitseko.

"Bambo, ndiuzeni zoona. Ndi nsapatozi?"

A Gogoda anatsamiritsa tsache lija kukhoma, maso ali pansi.

"Mayi anu nkhope yanga anaiwala kale," anatero. "Mawu anganso anawaiwala. Ndikalankhula amafunsa kuti nkhalamba imeneyi yalowa bwanji muno. Chimene chinatsala ndi kuyenda kwanga. Akamva nsapato zikubwera mukolidomu, amadziwa kuti ndi mnyamata wawo uja. Ndikalowa ndili chete, n'kuwapatsa supuni, amadya."

"Nanga osanena bwanji, bambo? Nthawi yonseyi!"

"Mukanakhala inu mukananena? Kuuza mwana wako kuti mayi ake sakundidziwa ine, akudziwa nsapato?" Anapukuta pakamwa ndi dzanja. "Dzulo ndimati mwina azolowera. Tsache ili ndimati mwina liwanamiza. Sakunamizika."

Nafashoni anafuna kupepesa. Kupepesako kukanawamwetsa amayi madzi? Anangogwada n'kutambasula manja.

"Vulani, bambo. Ndikazibwezeretse."

Mkuluyo anavula. Panali patapita nthawi yaitali Nafashoni osawaona ataima pansi opanda nsapato, ndipo anadabwa kuti anali munthu wamfupi chonchi, mapazi ang'onoang'ono otuwa, ofota ngati akhalitsa m'madzi. Anatembenuza nkhope msanga, anaponya nsapatozo m'chikwama, anasomeka mapazi ake m'zoonekera mkati zija chifukwa ndi zimene zinali pakhomo, n'kutuluka.

Wosoka nsapato ankakhala pakhonde la sitolo ya zitsulo, pakati pa mulu wa nsapato zopanda anzake. Nafashoni anafika ali wefuwefu.

"Matabwa aja ali kuti?"

"Mwadzuka bwanji kaye, mayi?"

"Ndadzuka. Matabwa a nsapato izi, amene munachotsa dzulo."

Bamboyo analoza ndi mlomo kutsidya kwa msewu, kumene mayi wina ankawiritsa tiyi wogulitsa. "Zinyalala zanga zonse amatola ndi amene aja. Thabwa louma ngati lija likanagona pano?"

Nafashoni anadutsa msewu osayang'ana, njinga yamoto n'kumuphonya pang'ono, woyendetsayo akutukwana. Mayi wa tiyi anamuyang'ana modabwa, kenako anafukula phulusa ndi kamtengo. Munatuluka kachidutswa kakuda, kokhala ndi mabowo a misomali. Nafashoni anakagwira, kanafumbutuka m'manja mwake. Misozi inalengeza, koma nthawi yolira panalibe.

"Tizitsulo tija nanga?" anafunsa atabwerera pakhonde paja.

"Chitsulo sinditaya ine." Wosokayo anakhuthula chitini cha misomali yakale pa saka n'kuyamba kufufuza ndi chala, pang'onopang'ono, ngati akusankha nyemba. Anatulutsa kamodzi. Kenako, atafufuzanso nthawi yaitali, anatulutsa kachiwiri. "Koma inu azimayi a masiku ano! Dzulo chotsani, lero bwezerani. Mawa mudzati ndiziike mapiko."

"Bambo, chonde. Kunyumba kuli munthu wodwala, ndipo akudikira nsapato zimenezi."

"Wodwala akufuna gogoda? Akupita kudansi?"

Koma atamuyang'ana kumaso, anasiya nthabwala. Anatenga nsapato imodzi, anailemberera pa katoni, n'kumupatsa katoniyo kuti athamange nayo kwa kalipentala wa kuseri kwa msika, akadule matabwa awiri olimba.

Kalipentala anali akupanga chitseko cha munthu wina, ndipo sanaone chifukwa chosiyira. Nafashoni anaima pamenepo, utuchi ukumulowa m'maso, akupempha ngati wopempha mchere, mpaka mnyamatayo anatopa naye n'kutenga sowo. Dzuwa linali likukwera. Nthunzi inali itadzaza m'nsapato zake, zala zikuterereka mkati. Foni inalira m'chikwama.

"Amwa?" Anali mwamuna wake.

"Sindikudziwa. Sindili kunyumba."

"Uli kuti?"

"Kwa kalipentala. Ndikukonzetsa nsapato za bambo, ndikufotokozerani ndika..."

"Nsapato! Amayi akuuma kukhosi, iwe uli pa nsapato? Iwe ndi nsapato mpaka liti?" Anapumira m'foni mwamphamvu. "Ndikumaliza galimoto imodzi yokha, kenako ndikubwera."

Foni inaduka. Mawuwo anamulasa, makamaka chifukwa sanali abodza kwenikweni.

Wosoka nsapato anagwira ntchito yake mosathamanga, ndipo kumufulumizitsa kunali ngati kukankha khoma. Anasenda labala uja, anapala matabwa, anapaka guluu, n'kunena kuti guluu sauzidwa zochita, amauma nthawi yake. Nafashoni anakhala pa chitini, anadzuka, anakhalanso. M'mutu mwake munkangobwera manja a amayi atamangidwa kubedi. Pomaliza bamboyo anaika tizitsulo tija ku zidendene, n'kukhomerera misomali yatsopano mwamphamvu, lilime lili panja.

"Aka kamanzereka kankagwedera," anatero monyadira. "Tsopano sikadzagwederanso mpaka ine ndidzafe."

Nafashoni sanamve n'komwe. Analanda nsapatozo n'kuliyatsa liwiro. Asanafike pamphambano, chidendene cha nsapato yake chinalowa m'chitsulo cha ngalande n'kuthyoka kuti thyo. Anavula zonse ziwiri, anazisiya pomwepo, n'kuthamanga chabe pa tala wotentha, anthu akumuyang'ana, ena akufunsana ngati waba. Mkazi amene sankatuluka ngakhale kokataya zinyalala asanayang'ane pagalasi anadutsa msewu wonse wa kwawo tsitsi lili nyankhalala, atakumbatira gogoda zamakedzana pachifuwa.

Galimoto inali isanafike. A Gogoda anawapeza atakhala pansi pakhomo pa chipinda chija, phala latsopano lili pambali.

"Milomo yawo yauma," ananong'ona. "Akupuma mothamanga."

Anavala nsapatozo mofulumira, zingwe zikuwapulumuka. Anatenga mbale ndi kapu ya madzi, anapita kumayambiriro kwa kolido, anawongola msana, n'kuyamba kuyenda.

Gu. Gu. Gu. Gu.

Nafashoni anasuzumira pa chitseko. Amayi anali atagona chammbali, nkhope kukhoma, thupi laling'ono ngati la mwana pansi pa bulangete. Atamva kugogodako, mutu wawo unadzuka pang'ono pa pilo. Anamvetsera. Mkuluyo analowa, anaima pambali pa bedi, anatunga phala n'kufikitsa supuni pafupi.

"Si iwo," anatero amayi ndi mawu okhakhala. "Uyu ndi msilikali. Mwawapititsa kuti amuna anga?" Anakoka bulangete n'kudzifunda kumutu.

Nthawi yomweyo panja panamveka galimoto ikuima.

Makaniko analowa ovololo ili ndi oyilo, osapereka moni. Anayang'ana mbale yodzaza, anayang'ana mapazi a mkazi wake akuda ndi fumbi, chala china chikutuluka magazi. Anapita molunjika kubedi.

"Bambo, patukani."

"Mwana wanga, tadikira pang'ono."

"Ndadikira kuyambira dzulo. Mukufuna afere m'manja mwathu? Patukani, bambo, chonde." Sanali munthu wouma mtima, mantha ndi amene anali atamugwira.

Analowetsa manja pansi pa amayi ake kuti awanyamule. Mayiwo anakuwa kukuwa kong'amba mtima. "Wakuba! Ndisiyeni! Anthu inu, wakuba!" Ankamumenya kumaso ndi timanja topanda mphamvu, iye misozi ikutsika, osawasiya. A Gogoda anabwerera chafutambuyo, mbale ili m'manja, kutuluka m'chipindamo ngati munthu wothamangitsidwa pakhomo pake. Gu. Gu. Gu.

Nafashoni anali atatsamira khoma la kolido, maso atatseka, ndipo phokosolo linamudutsa pafupi. Linali lomveka bwino, lolemera, ladongosolo. Kenako anazindikira chinthu chachilendo. Mano ake sanayayamire. Kwa zaka zonse zimene anakhala m'nyumba imeneyi, nsapatozi zikadutsa ankaluma mano, koma lero ayi.

"Dikirani!" anakuwa. "Atsitseni kaye! Ndikupempha, atsitseni!"

Anadzigwetsa pansi n'kugwira mwendo wamanzere wa apongozi ake, chinthu chimene sanalotepo kuti angachite. Mkuluyo anatsala pang'ono kugwetsa mbale.

"Apongozi! Mwatani kodi?"

"Kachitsulo, bambo! Kankagwedera. Kankalira kuti nje. Wosoka uja wakakhomerera."

"Kachitsulo kanji?"

"Simunkakamva?"

A Gogoda anapukusa mutu. Makutu awo anali atayamba kale kugontha, ndipo kaphokoso kakang'onoko sikankawafika. M'nyumba yonseyo kankamveka kwa anthu awiri okha, amene ankakadikira ndi amene ankadana nako.

Nafashoni anasolola nsapatoyo, analanda supuni m'mbale, n'kulowetsa chogwirira chake pansi pa kachitsuloko. Supuni inapindika. Wosoka uja sananame, anali atakhoma zenizeni. Anathamangira kukhitchini, anabwera ndi mpeni, anakanikiza, mpeni unaterereka n'kumucheka chala. M'chipindamo amayi ankakuwabe, mawu akuchepa mphamvu.

"Iwe, nthawi ikutha!" anatero mwamuna wake ali pakhomo la chipindacho. Anali atawatsitsa amayi, koma makiyi a galimoto anali m'manja.

"M'thumba mwanumo muli pulayasi. Zulani msomali umodzi. Umodzi wokha, winawo utsale."

"Wapenga kodi?"

"Mwina ndapenga. Zulani, kenako mukawanyamule ngati zikanika. Sindidzakutsekerezaninso."

Makanikoyo anayang'ana mkazi wake, magazi akudontha pa simenti, anayang'ananso bambo ake ataima mopendekeka, phazi lina pamwamba pa thabwa, lina pansi. Sanamvetse chilichonse, koma anatulutsa pulayasi. Anakoka kamodzi, msomali unatuluka ukulira. Nafashoni anagwedeza nsapatoyo pafupi ndi khutu lake. Kachitsulo kanasuntha.

"Yambirani pakhomo lakunja, bambo," anatero, akuwamangira zingwe. "Musathamange. Yendani ngati mmene mumayendera m'mawa, mmene mumandidzutsira muja."

Mkuluyo anapita kukhomo lakunja. Mwana wawo anatuluka m'chipinda chija n'kuima mukolido pambali pa mkazi wake. M'nyumba monse munangoti zii, kupatula kusisima kwa amayi pansi pa bulangete.

Gu. Gu-nje. Gu. Gu-nje.

Mano a Nafashoni anayayamira, ndipo sanasangalalepo ndi chinthu chowawa ngati mmene anasangalalira pamenepo. Koma kuchipinda kunalibe kusintha. Kusisima kunapitirira. Mwamuna wake anafinya makiyi m'manja.

Gu. Gu-nje. Gu. Gu-nje.

Kusisima kunaleka.

A Gogoda anawadutsa osawayang'ana, mbale kudzanja lina, kapu kudzanja lina, msana uli chilili, ataliatali ngati kale. Analowa m'chipindamo. Bulangete linatsika pang'onopang'ono, ndipo panatuluka nkhope yonyowa ndi misozi, maso oyera aja akufufuza kumene kunkachokera phokosolo.

"Mwabwera?"

Mkuluyo sanayankhe, poopa kuti mawu ake angawononge zonse. Anangosuntha phazi lamanzere. Nje.

"Munali kuti nthawi yonseyi? Muno munalowa akuba, inu kulibe." Amayi anatambasula dzanja, anapeza malaya a amuna awo n'kuwagwira zolimba. "Ndili ndi ludzu."

Kapu inafika pamilomo. Anamwa mwaphuma, madzi ena akutsikira m'khosi, ndipo piritsi linalowa limodzi ndi madziwo. Mukolido, makaniko anatsetsereka ndi khoma mpaka kukhala pansi, n'kubisa nkhope m'manja mwake mwa oyilo. Nafashoni anakhala pambali pake atafinya chala chochekedwacho m'diresi.

Amayi anameza supuni yoyamba ya phala, kenako yachiwiri. Atapeza kamphamvu, anakwinya nkhope ngati mtsikana wonyada amene anyamata ankamuopa kudansi.

"Koma inu, zinsapato zanu zonyansazi simunatayebe? Anzanu onse anasiya kalekale. Mudzandichititsa manyazi mpaka liti?"

A Gogoda anatunganso phala. Anakweza supuni yopindika ija, misozi ikutsikira m'ndevu. Nthawi ino analankhula, motsitsa, yankho lomwe ankapereka chikwatiranireni.

"Mawa, mayi. Nditaya mawa."

"Mumangotero," anatero amayi, n'kutsegula pakamwa.